Akuti Tinabweretsa Abale Olakwika

Anthu khumi ndi anayi. Matola imodzi. Mphepo ya 5 koloko m'mawa, ija imalowa m'mafupa n'kuyala mphasa. Tonse osadya. Kukafika ku chipatala, akuti tabweretsa abale olakwika.

Olakwika. Ngati nsapato za pa kaunjika zoti ukabweze.

Inu amene mumanditsata pano mumandidziwa kuti ndine wa zocheza, ndimangoika zithunzi ndi kunyoza matimu a eni. Lero ayi. Lero khalani pansi. Chipatalacho sinditchula dzina, amayi andiletsa, akuti tidzachifunabe. Eni ake adzidziwa okha.

Kwa amene simundidziwa, ndine Tiyamike, ndalemba Fomu 4 chaka chino. Achimwene anga a Damiano amacheka matabwa ku Phiri la Dedza. Kucheka, kusenza, kutsitsira ku msewu. Munthu amanyamula thabwa laliwisi ngati nzimbe. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo anagwa. Osati kupunthwa ayi. Anangozima ali chiimire, thabwa lili paphewa. Anzawo anachita kuwatsitsa pa machira a mitengo.

Chimene chinatiopsa n'choti bambo athu anapita chimodzimodzi, ine ndili Sitandade 4. Anali kudimba akuthirira kabichi, anawapeza keni ili m'manja. Sanadwale ngakhale chimfine. Mng'ono wawo, bambo aang'ono a ku Mayani, nawonso anagwa akukankha njinga ya matumba pa chitunda, osadzukanso.

Ku chipatala anawaunika mtima a Damiano ndi makina aja amayamba akupaka mafuta ozizira pachifuwa. Akuti khoma la mtima lanenepa pang'ono, koma kupang'ono kwake kosadziwika ngati ndi matenda kapena ndi mtima chabe wa munthu wa ntchito yolemetsa. Ndiye anati pali kafukufuku wa matenda a mtima oyenda m'banja, atenga magazi, atumiza kunja akaone mu DNA. Tinasaina. Nambala ya foni yanga ndinailemba pa mafomu anayi. Anayi. Ngakhale mlonda wa pageti akhoza kuiimba pamtima.

Abwana awo a ku macheka anati usabwerenso popanda kalata ya dokotala, sindikufuna maliro pantchito panga. Amenewo sindikuwada. Ndiye a Damiano akhala pakhomo miyezi yonseyi, alamu anga ali ndi pakati, achimwene, munthu amene sankadziwa mpando, akungosankha nyemba pa lichero. Chimene tikufuna ife n'chimodzi basi. Atiuze, akwere phiri kapena asakwere.

Ulendo woyamba. Foni inalira Lolemba kuti zotsatira zafika. Lachiwiri 7:10 tili pa benchi, ine ndi achimwene. Ine ndinapita ngati womasulira, poti pakhomo Chingerezi chatsopano chili ndi ine. Pawindo pali bambo wina wa jekete lachikopa, amene ntchito yake ndikuganiza ndi kulondera foni yake kuti isathawe. 8 koloko. 9 koloko. 10 koloko anapita kukamwa tiyi, ndipo masamba ake ndikukhulupirira anakathyola yekha ku Mulanje wapansi. 11:40 anatikankhira envulopu.

Ndinatsegula. Mapepala atatu. Musandione chonchi, bayoloji ine ndimaimenya, koma pepala lija linandiyang'ana, ine n'kuliyang'ana, tonse osadziwana. Zilembo ndi manambala ngati nambala za magalimoto pa depoti. Chimene ndinatolapo n'choti apeza kusintha kumodzi mu DNA, pamalo okhudza nyama ya mtima. Pansi pake zilembo zitatu zakuda bii, VUS, ndi mawu oti tanthauzo lake silikudziwika.

Ndinabwerera pawindo.

"Pepani bambo, ndiye kuti matendawa ali nawo?"

"Ine sindinatero."

"Ndiye alibe?"

"Sindinateronso."

"Nanga mwatero chiyani?"

"Ndakupatsani envulopu. Wotsatira."

Kumbuyo kwathu kunalibe munthu. Wotsatira wake ndani? Khoma?

Tinasaka nesi, tinawapeza pakhonde akuthamangira kwina. Pepala analisuzumira masekondi atatu, ndinawerenga. Akuti adokotala a kafukufuku amabwera Lachinayi lokha kuchokera ku Lilongwe, ndipo kuti pepalali limveke pakufunika kuyeza abale. Mubwere nawo abale a magazi, ambiri ndithu.

Apa mvetserani bwino, chifukwa pambuyo pake anafuna kutisandutsa ife mbuli. Ine ndinafunsa. Ndi pakamwa panga pomwe pano.

"Anesi, a mbali iti?"

Iwo ali chiyendere, osacheuka: "Abale ndi abale, mwana iwe. Sukuwadziwa abale ako?"

Chabwino.

Kwathu nkhani ya abale saifunsa kwa mwana wa Fomu 4. Imapita kwa amalume. Amalume athu a Jelevaziyo ndiwo eni mbumba, ndipo nkhaniyi anailandira ngati awasankha unduna. Anawerenga pa zala. Amayi, mayi aakulu, mayi aang'ono, ana awo, ife, iwo eni. Ndinayesa kulowetsapo kuti nanga a kwa bambo ku Mayani? Anandiyang'ana ngati ndatukwana pa Misa.

"Bambo ako anali mkamwini pano. Anabwera ndi kachikwama kamodzi. Mwana ndi wa kuchikazi, magazi ndi a bere limodzi. A ku Mayani alowapo bwanji?"

Komanso kunena zoona, a ku Mayani sitilankhulana nawo. Pa maliro a bambo ananena poyera kuti munthu sangafe keni ili m'manja, ndiye kuti amayi anawadyetsa kanthu. Chiyambire tsiku limenelo, zaka zisanu ndi zitatu, ngakhale moni wa pa Khirisimasi kulibe. Palibe amene anali ndi changu chokawaitana.

Wina anabweretsanso lamulo loti poyeza magazi sadya. Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma ndikukayikira mayi aang'ono.

Ulendo wachiwiri, Lachinayi. Tinadutsa pa Chimbiya ogulitsa asanayale n'komwe, titapanikizana kumbuyo kwa matola ngati kabichi wopita ku Lilongwe. 7:30 tadzaza mabenchi onse awiri. Amalume avala jekete la pa ukwati wawo. Mayi aakulu kolona ili m'manja, chifukwa jakisoni amamuopa kuposa imfa. Mimba zikulira mopokezana ngati kwaya. Wa pawindo uja anatiwerenga ndi maso n'kufunsa ngati tabwera kudzatenga mtembo.

12:50 anatiitana. Adokotala ake ndi mayi wachitsikana, ndipo awa ndiwapatse ulemu wawo, ndi munthu yekhayo m'nyumba monse muja amene anatiyang'ana kumaso. Anatenga pepala n'kuyamba kujambula banja lathu, akazi tozungulira, amuna timabokosi. Anafunsa kuti ndani anamwalirapo mwadzidzidzi. Tinati bambo. Anadula kabokosi ndi mzere. Winanso? Mng'ono wawo wa bambo. Anadulanso. Nanga kwa amayi?

Amalume anakonza jekete. "Kwathu timafa titakalamba, adokotala. Ndipo timayamba tadwala kaye bwinobwino."

Adokotala anaika cholembera pansi, n'kuyang'ana pachitseko pomwe mitu ya abale inasanjikizana ikusuzumira.

"Nanga onsewa ndi a mbali iti?"

"Mbumba yanga."

"A kwa bambo ake alipo angati?"

"Amenewo ndi akuchimuna. Munatiuza kuti abale."

Adokotala anatseka maso pang'ono ngati akupemphera, kenako anafotokoza. Ndilemba mmene ndinamvera, kuti wina asadzadye mphepo ngati ife.

Akuti m'thupi muli malangizo olembedwa, theka timatengera kwa mayi, theka kwa bambo. Theka, amalume. Theka. Pa malangizo omangira nyama ya mtima wa a Damiano, chilembo chimodzi chasiyana ndi cha anthu ambiri. Chifukwa cha chilembo chimenecho, pa khoma lonse njerwa imodzi yalowa ya mtundu wina. Njerwa ina ikasintha, nyumba imakhala mpaka zidzukulu osamva kanthu. Ina ikakhala ya pangodya, khoma limang'aluka. Funso ndi loti iyi ndi iti.

Ndinafunsa kuti nanga akunjawo, ndi makina awo onse aja, alephera bwanji kudziwa njerwa imodzi?

Akuti amafananiza ndi anthu ena amene anayezedwa kale. Kusintha kwa a Damiano sanakupeze mwa wina aliyense m'mabuku awo. Koma anthu a kuno amene anayezedwapo ndi ochepa, ndiye mwina n'chachilendo zoona, mwinanso anthu ambirimbiri a ku Dedza kuno ali nacho ndipo akulima mbatatesi bwinobwino. Anafunsanso makompyuta olosera, ina ikuti n'choopsa, ina ikuti ayi. Makompyuta kumalimbana ngati makondakitala pa siteji. Njira yotsala ndi banja, kuona ngati chilembocho chikuyenda limodzi ndi mtima wonenepa. Amene ali ndi vuto, ali nacho? Amene akalamba ali gwa, alibe? Ndipo poti amene anagwa onse ndi a kwa bambo, ofunika ndi a kwa bambo.

Pa anthu khumi ndi anayi aja anatenga magazi a anthu awiri, amayi ndi ine.

"Ndiye ife tadzeranji?" amalume anafunsa, mawu atatsika.

"Pepani bambo, amayenera kukuuzani."

Amayenera. Ndani? Nesi uja anali pomwepo akupinda thonje, maso pansi ngati wataya ndolo. Mayi aakulu okha ndiwo anapsompsona kolona, apulumuka jakisoni.

Kenako inafika nthawi ya a Damiano. Anafunsa chawo chimodzi.

"Nanga kalata ya kuntchito?"

"Sindingalembe kuti muli bwino, chifukwa sindikudziwa. Sindingalembenso kuti mukudwala. Pakadali pano musanyamule zolemera, mpaka tiyeze abale ndi kuunikanso mtima."

"Ntchito yanga ndi zolemerazo, adokotala."

Adokotala anatembenukira kwa tonse. Anangoti bwerani ndi a kwa bambo, Lachinayi lililonse, tidzawaunika mtima ndi kuwatenga magazi. Lililonse. Anatero anthu khumi ndi anayi akumva.

Kunyumba amalume anati nkhani yopita ku Mayani imafuna ankhoswe, nkhuku, ndi mwezi wokonzekera mawu. Ine mwezi ndinalibe. Tsiku la msika ndinanyamuka ndekha osatsanzika, minibasi kenako kabaza, fumbi mpaka m'mano. Azakhali anga a Felista, mlongo wawo wa bambo, amagulitsa tomato ndi anyezi. Sindinafunse munthu. Chipumi chawo ndi cha bambo chenicheni.

"Mwaswera bwanji, azakhali?"

Anandiyeza kuyambira kumapazi. "Azakhali ake a ndani?"

"Anga. Ndine Tiyamike, wa malemu a Sitefano."

"Wakula. Amako akutuma chiyani? Chatsala n'chiyani choti atenge?"

"Magazi."

Msika wonse unati zii, ndi nkhuku zomwe. Ndinafulumira kufotokoza asananditayire tomato. Atangomva za DNA anaimirira.

"Ndiye mukufuna kunena kuti Damiano si wa mlongo wanga?"

"Ayi azakhali. Vuto ndi loti mwina ndi wawo mopitirira."

Ndinawauza za thabwa lija, za keni, za njinga ya bambo aang'ono. Ndinatola kamtengo n'kujambula timabokosi pansi, ndikudula tiwiri monga anachitira adokotala. Anakhala pa ndowa. Mayi wina anafunsa tomato, anamuuza kuti watha, mulu uli patsogolo pawo. Kenako anati mwana wawo Pasikale anasiya mpira, akuti akathamanga amaona mdima. Iwo amayesa ulesi, mpaka anamukalipira.

"Ndiye chinthuchi chili m'magazi athu?"

"Sakudziwa. N'chifukwa chake akufuna inu."

Anayang'ana timabokosi tija nthawi yaitali. "Wati Lachinayi?"

Ulendo wachitatu, dzulo. 7:05 tafika. Amayi, a Damiano, ine, azakhali ndi Pasikale, mnyamata wa msinkhu wanga amene ndinamuona komaliza tonse tili ndi mamina. Amayi ndi azakhali pa benchi imodzi. Pakati pawo danga loti minibasi n'kuimapo n'kukweza anthu, koma benchi imodzi. Cha m'ma 9 amayi anamasula kansalu, n'kuika mbatata yophika pakati. Azakhali anaiyang'ana mphindi khumi. Anasenda. Anadya. Amene mwamva zimene ananena pa maliro paja mukudziwa kuti mbatata imeneyo sinali yamasewera.

Ndiye ine mbali yanga ndinachita. Ndinakhazika pamodzi anthu amene ngakhale bambo mfumu anawalephera. Chipatala chinangotsala ndi kubaya mkono.

10:20 chitseko cha adokotala chikadali chotseka. Ndinapita pawindo.

"Adokotala a mtima afika nthawi yanji?"

"Sabwera."

"Lero lokha?"

"Kafukufuku anasiya kulandira magazi Lachisanu lapitali. Gawo limenelo latha."

"Anati Lachinayi lililonse."

"Linali lililonse lisanathe."

"Bwanji simunatiimbire?"

"Munasiya nambala?"

Anthu inu. Ndinamva kutentha kuyambira ku zidendene kukwera mpaka m'makutu. Munthu akanandiika poto pamutu madzi akanawira. Koma ndinaleredwa, ndiye ndinapitiriza mwaulemu.

"Nanga magazi a amayi ndi anga?"

"Mwina anapita."

"Mwina?"

"Ine sindinyamula magazi."

"Chabwino, nanga makina ounikira mtima aja? Angomuona mnzathuyu, amaona mdima akathamanga."

"Makina alipo. Wodziwa kuwagwiritsa ntchito amabwera ndi adokotala."

"Tikadandaule kwa ndani?"

Anandilozera ndi chibwano bokosi la madandaulo pakhoma. Bokosi lake loko wadzimbiri, pakamwa pake mavu anamangapo nyumba ndipo ali ndi zidzukulu.

Apa azakhali anandisuntha pambali. Sanakweze mawu.

"Bambo, ine ndakwirira alongo anga awiri. Mayi uyu mwina ndamunamizira zaka zisanu ndi zitatu. Ndasiya tomato akuola, ndabwera ndi mwana, ndabwera ndi mkono uwu. Mukuti ndibwerere nawo?"

Iye, osachotsa maso pa foni: "Mayi, ine ndine wa mafayilo."

Tinabwerera.

Lero m'mawa ndinadzuka ndi phokoso la magambutsi. A Damiano avala kale, chingwe paphewa. Apeza ocheka ena cha kuseri, amene safunsa kalata, amangofunsa ngati uli ndi msana. Amayi anaima pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Amayi, mwana akubadwa mwezi wamawa. Pepala lija silikunena kuti ndikudwala."

"Silikunenanso kuti uli bwino."

"Ndiye ndizikadikira yankho ndili komweko."

Anadutsa. Alamu anangokhala pa mpando atagwira mimba.

Izi ndikulemba ndili pakhonde. Makina ochekera akumveka kuchokera kuphiri. Akasiya kulira, amayi amasiya chimene agwira, n'kuima njoo mpaka ayambirenso. Chiyambire m'mawa asiya kasanu ndi kawiri, ndipo apa sindikukokomeza.

Ndiye inu a chipatala, ndi inu a kafukufuku, kaya muli ku Lilongwe kaya kutsidya kwa nyanja, ndiyankheni. Magazi a amayi ndi anga ali kuti? Munthu amayamba bwanji kuwerenga thupi la mnzake n'kusiyira pakati, n'kumupatsa zilembo zitatu akagone nazo? Ngati pepala lanu limafuna banja kuti limveke, munatsekeranji banja lisanafike? Kuuza munthu kuti bwera ndi a kwa bambo ndi a kwa mayi kumafuna digiri? Simukudziwa kuti kuno ukati abale amadzuka ndi amalume? Mumagwira ntchito ku Dedza kapena ku mwezi? Kusadziwa tanthauzo la njerwa ija sindikukudani nako, adokotala anafotokoza ndipo ndinamva. Chimene chikundiwawa n'choti njira yodziwira inalipo, inakhala pa benchi panu maola atatu itapinda malaya, inu n'kuibweza.

Ndipo inu anzanga, akadzakuuzani kuti sainani tiyeze DNA, funsani musanagwire cholembera. Mukapeza chimene simukuchidziwa, adzatimasulira ndani? Mpaka liti? Akati abale, gwirani nesi malaya mpaka atchule mbali. Ngati kwa bambo anu anthu amangogwa, amalume asawerenge okha.

Lachinayi likubwerali 7 koloko ndili pa benchi pomwepo. Azakhali akuti abwera ndi a ku Mayani onse amene angathe kuyenda. Sukulu ndamaliza, ntchito ndilibe, nthawi ndili nayo yoti n'kugawirako dziko lonse. Ndizibwera mpaka wina aike makina aja pachifuwa cha Pasikale ndi cha achimwene, atenge magazi amene anapempha yekha, n'kulemba kalata yonena chinthu chimodzi, acheke kapena atsike. Bambo wa jekete lachikopa, tizolowerane, muzindiona kuposa ana anu.

Makina asiyanso kulira. Ndiime kaye.